Za ku London: malo otchuka aja ndi zomwe Angerezi amadya

Kuno ku Kasungu ukangoti unapitako ku London mafunso amabwera awiri basi, loyamba nloti kodi chiwotchi chija munachiona, lachiwiri nanga kopanda nsima kuja mumadya chani. Ena akufunsa pa WhatsApp, ena tikakumana pa boma, ena tikangotuluka mu tchalitchi, nde ndaona kuti bola ndilembe pano kamodzi aliyense awerenge yekha. Ndinapitako mu 2023 nthawi yawo yotentha, pomwe dzuwa limakalowa 9 koloko usiku itadutsa, kukaona asisi anga omwe ndi anamwino kumeneko ndipo anakwatiwa ndi munthu wa ku Mchinji. Ndege yolunjika kulibe, umanyamuka pa KIA ku Lumbadzi nkukasintha ku Addis Ababa kapena Nairobi kapena Johannesburg, kenako nkukatera pa Heathrow.

Ndiyambe ndi chiwotchicho, chomwe ambiri amati Big Ben, poti ndi chomwe aliyense amachidziwa. Ukatsika sitima yapansi pa nthaka pa siteshoni ya Westminster umangokwera masitepe nkutukula mutu, chinsanja chili pompo pamaso pako, mamita 96 kupita mmwamba. Big Ben weniweni ndi belu lomwe lili mkatimo, lolemera matani oposa 13, linayamba kulira mu 1859, pomwe nsanjayo anaipatsa dzina loti Elizabeth Tower mu 2012 mfumukazi itakwanitsa zaka 60 ili pampando. Kuyambira 2017 mpaka 2022 anali akuikonza, beluyo anakhala chete nthawi yambiri, nde ine ndinaipeza ili yonyezimira, manambala ndi mivi atazipakanso mtundu wa buluu womwe zinali nawo poyamba. Koma kulira kwake abale. Agogo anga aamuna ankakonda kutchera BBC madzulo pa kawailesi kawo ka mabatire, ife tili ana tikumva belu likugunda nkhani zisanayambe osadziwa olo pang'ono kuti likulira kuti, nde kuima pansi pake nkulimva ndi makutu anga likugunda mpaka pachifuwa kunjenjemera, ndinawakumbuka agogo aja mpaka misozi inalengeza. Alamu anga anandiuzanso kuti mpaka lero wotchiyo amaiwainda ndi manja katatu pa sabata, ndipo ikayamba kutaya nthawi amaiwongolera ndi timakobidi takale, amatisanjika pa chitsulo chomwe chimagwedezeka uku ndi uku chija, kuika kamodzi wotchi imafulumira pang'ono, osakwana sekondi pa tsiku. Chinthu cha zaka zoposa 160 chikugwirabe ntchito chifukwa pali anthu omwe ntchito yawo ndi kuchisamala basi.

Nsanjayo ndi mbali ya nyumba yawo ya malamulo yomwe ili mphepete mwa mtsinje wa Thames. Nyumba yakale inapsa ndi moto mu 1834, yomwe timaona pazithunziyi anamanga pambuyo pake, koma holo imodzi yotchedwa Westminster Hall inapulumuka ndipo ndi ya mu 1097. Kutsidya kwa msewu kuli kabwalo ka kapinga kozunguliridwa ndi ziboliboli, Churchill alipo, Gandhi alipo, Nelson Mandela naye anamuimika pamenepo mu 2007 manja atatambasula ngati akulankhula pa msonkhano.

Pomwepo mpomwe pali Westminster Abbey, ndipo ngati mutadzapitako tsiku lina, chonde apa musangojambula panja nkudutsa. Kulowa ngati mlendo wodzaona malo kumafuna tikiti, si yotchipa ayi, ngakhale kupita kukapemphera nawo ndi ulele. Mafumu awo akhala akuwalongera ufumu mmenemu kuyambira 1066, tchalitchi lomwe lilipo panoli anayamba kulimanga mu 1245, ndipo Charles III anamuveka chisoti mommo pa 6 May 2023, ine ndimafika patangopita masabata ochepa. Mkatimo paliponse pomwe ungaponde pali manda, mafumu, asayansi ngati Newton ndi Darwin, alembi, asilikali. Ine ndimafuna amodzi okha. Pakatikati pa tchalitchi, pansi pomwe anthu amayendapo, pali mwala wakuda wolembedwa ndi zilembo za mkuwa, manda a David Livingstone.

Tonse tinaphunzira za iyeyu ku pulayimale, ndipo kuno ku Kasungu anadutsa ndithu, mu 1863 anafika kwa Mwase akuchokera ku Nkhotakota. Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo ku Zambia, mtima wake anaukwirira komweko pansi pa mtengo, koma thupi anthu ake analiumitsa ndi mchere ndi dzuwa nkulinyamula pamapewa mtunda woposa makilomita 1,500 mpaka ku Bagamoyo kunyanja, miyezi ndi miyezi akuyenda wapansi, ena nkufera panjira. Anaikidwa mu Abbey mu April 1874. Mawu oyamba pamwalapo amanena kuti anabwera naye ndi manja okhulupirika kudutsa pamtunda ndi panyanja, koma maina a eni manjawo palibe. Susi palibe, Chuma palibe. Chumatu anali Myao, anamuwombola kwa ogula akapolo ali kamnyamata mu 1861 kumapiri a kumwera kwa dziko lathu lino. Jacob Wainwright ndi yekhayo wa mu Africa yemwe ananyamula nawo bokosi patsiku la maliro. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali anthu akundilambalala, ena akuponda pamwalapo osaona nkomwe, mpaka asisi anandikoka malaya kuti iwe tiye nthawi yatha. Zinandiwawa, sindinama. Ife a Malawi maliro timawadziwa kulemera kwake, adzukulu omwe akumba manda ndi kunyamula chitanda timawathokoza pagulu, nde anthu onyamula maliro kuchoka kwa Chitambo mpaka ku Bagamoyo amayenera kulembedwa maina awo pamwalapo.

Kuchoka apo umadutsa mu St James's Park wapansi nkukafika ku Buckingham Palace. Apa sindichedwapo. Ndi chinyumba chachikulu cha zipinda 775, mafumu anayamba kukhalamo ngati nyumba yawo ya boma mu 1837 nthawi ya Victoria, ndipo mfumu ikakhala ilimo amakweza mbendera yake yachifumu, ikachoka amaika ya dziko. Asilikali a majekete ofiira ndi zipewa zazitali za ubweya wa chimbalangondo amasinthana cha mma 11 koloko mmawa masiku ena, ndi bandi, ndi akavalo. Nzokongola, koma anthu amachuluka zedi moti ukachedwa umangoona mafoni a anzako ali mmwamba. Mfumu sindinaione, kwa inu omwe mumafunsa.

Zomwe ndikufuna mudziwe ndi nyumba ziwiri zomwe zili chapafupi pomwepo, alendo ambiri amangozidutsa poti sizili pa mapositikhadi. Ina ndi Lancaster House. Mmenemu mu 1960 Kamuzu atangotuluka ku ndende ya Gweru anakhala pansi ndi nduna ya Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod, nkugwirizana za malamulo omwe anabweretsa chisankho cha mu August 1961. Ina ndi Marlborough House, komwe mu November 1962 anakambirana zoti Nyasaland idzilamulire yokha, nchifukwa chake mu February 1963 Kamuzu anakhala nduna yaikulu, kenako 6 July 1964 ufulu. Panopa Marlborough House ndi likulu la Commonwealth. Sitinalowe, tinangoima pa geti, koma kwa munthu wa ku Kasungu kuima pamenepo si nkhani yaying'ono. Za Kamuzu anthu timasiyana maganizo ndipo pali mabanja omwe analira mu ulamuliro wake, izo nzoona ndipo sizifufutika. Komabe mwana yemwe anaphunzira pansi pa mtengo wa kachere ku Mtunthama anakakhala dokotala mu London momwemu kuyambira 1945 mpaka 1953, ku Harlesden, akuchiza azungu, akucheza ndi anthu ngati Nkrumah ndi Kenyatta, kenako nkudzabwereranso mu mzinda womwewo kudzakambirana za dziko lake pa tebulo limodzi ndi eni ufumu. Alamu anga anati, alamu, ana a sukulu kwathu amaloweza madeti amenewa osadziwa kuti nyumba zake zilipo mpaka lero. Ananena zoona.

Kenako Trafalgar Square. Pakati pali chipilala chachitali cha Nelson, mkulu wa asilikali apanyanja yemwe anafa akugonjetsa a France ndi Spain mu 1805, pansi pake mikango inayi ya mkuwa ana akukwerapo. Mmakona anayi muli nsanamira zoikapo ziboliboli, zitatu zili ndi eni ake akalekale, yachinayi inakhala yopanda kanthu zaka zambirimbiri mpaka anaganiza zoti aziikapo ntchito za aluso mosinthanasinthana. Nde pomwe ine ndimafika, pamwamba pa nsanamira yachinayiyo panali John Chilembwe. Eee, Chilembwe wathu yemweyu wa pa K2000, wa pa 15 January.

Anachipanga ndi Samson Kambalu, Mmalawi yemwe amaphunzitsa zaluso ku Oxford, anachitcha Antelope, ndipo chinaikidwa mu September 2022 nkukhalapo mpaka 2024. Anatengera chithunzi cha mu 1914 chomwe Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale wachizungu John Chorley patsogolo pa tchalitchi lake ku Mbombwe, ku PIM ku Chiradzulu. Onse awiri avala zipewa, ndipo nkhani yagona pamenepo, chifukwa nthawi imeneyo munthu wakuda samaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamupanga Chilembwe wamkulu kwambiri, Chorley nkumusiya msinkhu wa munthu wamba, moti ukaima pansi nkuyang'ana mmwamba maso amayamba agwera pa Chilembwe, manja ali kumbuyo, suti yake, chipewa chili pamutu, mabasi ofiira akudutsa kumunsi kwake. Munthu yemwe boma la Britain linamupha mu 1915 nkugwetsa tchalitchi lake, ataima pakati pa likulu lawo. Panali mayi wina wachizungu ndi ana ake akuwerenga chikwangwani, ndinalephera kupirira ndinamuuza kuti ameneyu ndi wakwathu, ndinatulutsa ndalama mu waleti nkumuonetsa nkhope, ana aja anaigwira ndalamayo akuyang'ana mmwamba nkuyang'ananso pa pepala. Pa malo onse omwe ndinaona mu London apa mpomwe ndinajambula zithunzi zambiri.

Ku mmawa kwa mzinda, mphepete mwa mtsinje momwemo, kuli Tower of London. Chigawo chapakati anayamba kuchimanga cha mma 1078 nthawi ya William yemwe analanda England kuchokera ku Normandy, ndipo malowa akhalapo nyumba ya mfumu, ndende, mosungira zida, mopangira ndalama. Anne Boleyn, mkazi wa Henry VIII, anamudula mutu mommo mu 1536. Amawetamo akhwangwala akuluakulu akuda bii osachepera asanu ndi mmodzi chifukwa pali chikhulupiriro choti akadzachoka ufumu udzagwa, ndipo pali munthu wolembedwa ntchito yowadyetsa, nde musamaganize kuti zikhulupiriro ndi za ife tokha. Alonda ake a mayunifolomu akale aja amayenera kukhala atagwira usilikali zaka zosachepera 22. Mkati ndi momwe muli zisoti zachifumu, saloleza kujambula, umaima pa lamba woyenda yekha nkumakudutsitsa pang'onopang'ono kuti anthu asaunjikane. Pa ndodo yachifumu pali dayamondi ya makarati 530, chidutswa cha mwala wa Cullinan womwe unapezeka ku South Africa mu 1905 uli ndi makarati 3,106, boma la Transvaal nkuupereka kwa Edward VII mu 1907. Kuwala kwake nkosaneneka. Koma ine ndikuyang'ana ndimaganiza za anthu a kuno omwe ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndi pa Teba, agogo a ambiri a ife, ena anabwerako ndi chifuwa, ena sanabwereko. Maganizo omwewo anandipezanso ku British Museum, yomwe inakhazikitsidwa mu 1753 ndipo kulowa ndi ulele. Muli zinthu za dziko lonse lapansi, zosamalidwa bwino kwambiri, koma zina monga zosema za mkuwa za ku Benin asilikali a Britain anachita kulanda mu 1897, ndipo ine ndili mbali ya omwe akuti zibwerere kwawo.

London Eye, chigudumu cha mamita 135 chija chomwe anatsegula mu 2000, sindinakwere, mtengo wake ndi mzere wake zinandibweza. St Paul's, tchalitchi la denga lozungulira lomwe Christopher Wren anamanga moto wa mu 1666 utapsereza mzinda, ndinaliona bwino ndili pa mlatho. Tower Bridge ndiye ndinawoloka wapansi, ndi mlatho wa nsanja ziwiri uja, wa mu 1894, womwe umatseguka pakati sitima yaitali ikamadutsa magalimoto onse nkudikira.

Tsopano za kudya, poti tikuwoloka mlathowu njala inali itatigwira. Kutsidyako, mu Tower Bridge Road, alamu anatilowetsa mu kashopu kakale ka M. Manze komwe banja limodzi lakhala likugulitsa chakudya chomwecho kuyambira 1902. Makoma a matailosi oyera ndi obiriwira, matebulo a mwala, mabenchi a matabwa, mumakhala mothinana ndi anthu osawadziwa. Chakudya chake ndi pie and mash, kapayi ka nyama ya ng'ombe yogaya, mbatatesi yophika nkuipondaponda yomwe amaipaka mmphepete mwa mbale, kenako amathirapo msuzi wobiriwira wa masamba a parsley womwe amautcha liquor ngakhale mulibe mowa. Umadya ndi supuni ndi foloko, nkuwazapo viniga wa tsabola. Pambali amagulitsa mkunga, wina wotentha wina wozizira, wozizirawo amaudula zidutswa nkuuwiritsa kenako nkuusiya mpaka msuzi wake uundane nkukhala nenene. Ndinalawa. Wotentha ndinamaliza, wozizira unandikanika, koma pafupi nane panali agogo ena achizungu akudya mbale yonse mosangalala akutaya minga pambali. Ichi chinali chakudya cha anthu ogwira ntchito pa madoko ndi mmafakitale, mkunga unkapezeka wambiri mu Thames ndipo unali wotchipa.

Apa mpomwe ndinayamba kuona kuti zakudya zenizeni za Angerezi zambiri zinachokera kwa anthu osauka, anthu ogwira ntchito ya manja mmalo ozizira omwe amafuna chinthu chotentha, chokhutitsa, chosadula. Fish and chips nchimodzimodzi. Kukazinga nsomba yoviika mu fulawa kunabwera ndi Ayuda ochokera ku Spain ndi Portugal, ndipo cha mma 1860 mashopu anayamba kuiphatikiza ndi tchipisi, sitima zapamtunda zikubweretsa nsomba kuchoka kunyanja isanaonongeke. Nsomba zake ndi cod kapena haddock, za mnyanja ya mchere, mnofu woyera wopanda minga. Chidutswa chimodzi chimatalika kuposa mbale. Ukachinyema kunja kumalira khirichi, mkati nthunzi nkutuluka, mnofu nkumasendeka wokha magawomagawo, chifukwa fulawa uja amatseka nsombayo nkupsa ndi nthunzi yake yomwe osalowa mafuta. Tchipisi chake ndi chonenepa, chofewa, amathira mchere ndi viniga wa chimera basi, pambali nsawawa zophika mpaka kusungunuka. Kale ankakulunga mu nyuzipepala, panopa ndi pepala loyera. Lachisanu madzulo mizere imatalika mmashopu amenewa chifukwa cha mwambo wakale wa tchalitchi wosadya nyama Lachisanu. Pa nkhondo yachiwiri boma linkagawa nyama, shuga, batala ndi tiyi mwa muyezo, koma fish and chips silinaiike pa muyezo. Pa zonse zomwe ndinadya kumeneko iyi ndi nambala wani, ndipo yabwino si ya pafupi ndi malo a alendo ayi, ndi ya mu tishopu ta mmadera momwe anthu amakhala, yotchipirapo komanso yokoma.

Chammawa chawo chija amati full English, asisi ananditengera mu kakafe kena komwe kumadya omanga nyumba ndi madalaivala. Mbale imodzi mazira okazinga, bekoni, soseji, nyemba za mchitini zotsekemera pang'ono, tomato wootcha, bowa, buledi wowamba, ndi kachidutswa kakuda kozungulira kotchedwa black pudding. Ndinafunsa kuti asisi ichi nchani, anati iwe ndi uwende umenewo, kungoti wa nkhumba ndipo amasakaniza ndi mafuta ndi oats nkuuika mu thumbo. Ndinadya ndipo ndi wokoma. Omwe simudya nkhumba kapena magazi muzinena msanga poitanitsa, amachotsa popanda vuto. Koma musaganize kuti amadya chonchi tsiku lililonse, masiku a ntchito ambiri amangomwa tiyi ndi tositi kapena phala la oats nkuthamangira sitima.

Lamulungu ndi tsiku la roast. Tinapita mu pub, yomwe kunja ungati ndi bala koma masana a Lamulungu mumadzaza mabanja ndi ana ndi agogo awo. Nyama ya ng'ombe yootcha mu uvuni nkuidula mopyapyala, ena amasankha nkhuku, nkhosa kapena nkhumba, mbatatesi zootcha mu mafuta kunja gwa mkati lofewa, karoti, kabichi, nsawawa, ndi Yorkshire pudding. Imeneyi si yotsekemera ayi, ndi fulawa, mazira ndi mkaka zomwe amathira mu mafuta otentha kwambiri mu uvuni nkufufuma kukhala ngati kakapu, mkatimo nkuthiramo msuzi wa nyama. Kale mabanja osauka ankayamba kudya imeneyi kuti mimba idzaze nyama isanafike patebulo poti inali yochepa. Nyama yotsala Lamulungu ankaigaya Lolemba nkuiphimba ndi mbatatesi yopondaponda, ikakhala ya nkhosa ndi shepherd's pie, ya ng'ombe cottage pie. Palibe chotaya. Nyama ya ng'ombe amakonda kuisiya yofiirira pakati, ngati simungathe auzeni aipsetse.

Anthu ambiri amanyoza kuti chakudya cha Angerezi nchozizira mkamwa, ndipo pena pake ndikuwamvetsa. Masamba amangowiritsa, opanda tomato, opanda anyezi, opanda nsinjiro, mchere umachita kuthira wekha patebulo, moti sabata isanathe ndinali nditayamba kulakalaka nkhwani wotendera. Komanso dziko lija linakhala pa muyezo wa chakudya kuyambira 1940 mpaka 1954, nkhondo itatha kale, m'badwo wonse unakula ukuphika ndi zochepa, zaka zonse zomwe Kamuzu anali ku Harlesden nyama inali ya muyezo. Koma kunena kuti alibe chakudya chabwino ndi bodza. Amadziwa kuotcha nyama, amadziwa mapayi, amadziwa tchizi, pitani ku Borough Market pafupi ndi London Bridge mukaone. Ndipo London ya lero amadya za dziko lonse, curry ya amwenye inalowerera mpaka nduna yawo ina, Robin Cook, inanena mu 2001 kuti chicken tikka masala ndi chakudya cha dziko lawo. Za nsima musadandaule, ufa umapezeka mmashopu a anthu a ku Africa ndi amwenye, kunyumba kwa asisi timadya nsima madzulo ambiri, ndi usipa womwe amayi anandipakira mu chikwama.

Tiyi ndiye amamwa ngati madzi, wa mkaka, nthawi iliyonse, mlendo akafika, munthu akakhumudwa, ntchito ikavuta, ketulo pamoto. Palinso afternoon tea, mwambo womwe anauyambitsa ndi mayi wina wolemera, Anna wa ku Bedford, cha mma 1840 poti chakudya chamadzulo chinkachedwa. Amabweretsa mbale zosanjikizana, pansi timasangweji ta nkhaka ndi mazira, pakati masikono otentha, pamwamba timakeke. Sikono umaing'amba pakati nkupaka jamu ndi kirimu wolimba wa mkaka, ndipo a ku Devon ndi a ku Cornwall amakangana mpaka lero, a Devon amayamba kirimu, a Cornwall amayamba jamu. Mmahotela akuluakulu mtengo wake ndi woopsa, ife tinakamwera mu kashopu wamba. Chomwe ndimafuna ndinene nchoti Britain ndi mmodzi mwa ogula akuluakulu a tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, amamusakaniza ndi wa ku Kenya ndi India mu timatumba tija chifukwa wathu amafiira bwino mu kapu. Pa paketi dzina la Malawi nthawi zambiri silioneka, kapena lili mu tizilembo tating'ono kumbuyo. Ndinatenga chizolowezi chotembenuza mapaketi mu shopu kufunafuna dzinalo, ndikalipeza ndimawaonetsa asisi. Amayi omwe amathyola masamba aja mmamawa mu mame ku Thyolo ndikanakonda akanamalandira zogwirizana ndi mtengo womwe kapu imodzi imagulidwa ku London.

Ena mwandifunsa ngati nsomba ija ingatheke kuno. Imatheka, ndapangapo kunyumba ndipo ana amaikonda. Pezani chambo chachikulu kapena kampango, muchotse mnofu wokhawokha opanda minga, muupukute uume nkuwaza mchere. Mu mbale sakanizani fulawa kapu imodzi, baking powder supuni yaying'ono, mchere pang'ono, nkuthira madzi ozizira kwambiri, akakhala a soda wosatsekemera ndi bwinonso, mpaka zikhale ngati phala lamadzimadzi lomwe likumata pa supuni. Osatakasa kwambiri, timibulu tikatsala palibe vuto. Mbatatesi dulani zonenepa, muzikazinge kawiri, koyamba pa moto wochepa kuti zipse mkati, muzitsitse zizizire, kachiwiri pa moto wambiri kuti zifiire. Nsombayo muyambe mwaigubuduza mu fulawa wouma kenako muiviike mu phala lija nkuitsitsira mu chiwaya pang'onopang'ono, mafuta akhale ambiri oti imire yonse komanso otentha moti kadontho ka phalalo kakagweramo kayandame nthawi yomweyo. Musaike zidutswa zambiri nthawi imodzi, mafuta amazizira nsomba nkumwa mafuta. Mphindi zisanu mpaka zisanu ndi zitatu yapsa. Idyeni pompo ikadali yotentha, ndi mchere ndi viniga, ngati viniga wa chimera simunamupeze mu shopu finyirani ndimu.